ZA NKHOPE YA THABWA, NDI CHIFUKWA CHACHE GULUU NDI PENTI ZIKANA KUGWIRA

Akristu anzathu a m'chigwa cha Shire, mwezi uno tifuna kukamba nanu za chinthu chooneka chaching'ono, koma chimene chinatsala pang'ono kugawanitsa mpingo wa pa mudzi wina umene ife tiutumikira. Dzina la mudziwo sitilitchula, pakuti mlandu unatha, ndipo eni ache anagwirana chanza.

Mukumbuka nonse madzi a mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa pa mapiri a Mulanje ndi Thyolo, mitsinje ya Ruo ndi Shire nisefukira m'midzi ya Chikwawa ndi Nsanje. Tchalitchi cha pa mudzi uja sichinagwe, koma madzi analowamo kufikira m'chiuno, nayandamitsa mabenchi. Ena anapita ndi madzi osaonekanso, ena anatsala m'matope masiku ambiri. Madzi ataphwa, Akristu anapemphera Lamulungu lililonse ali khale pa mphasa ndi pa njerwa. Pofika nyengo yokolola anasonkha, wina mapira, wina nkhuku, wina ndalama za thonje. Napatsa ntchito mnyamata wa mumpingo momwemo, amene anali atayamba kumene ukalipentala, kuti apange mabenchi 12 atsopano ndi kukonza akale otsala aja. Mnyamatayo anagwira ntchito ndi mtima wonse, naimaliza mu Okotobala, napaka mabenchi onse penti wobiriwira, ndipo tsiku limene Bambo Mfumu anadza kudzawadalitsa amayi analulutira.

Koma taonani, Krisimasi isanafike penti uja anayamba kufunduka monga ifundula njoka, namamatira pa zitenje za amayi ndi pa malaya oyera a ana a Ukaristia woyamba. Polowa Lenti miyendo ya mabenchi inayamba kugwedera, ndipo tsiku lina gogo wina anagwa chagada pakati pa mapemphero. Pamenepo mawu anachuluka. Ena anati mnyamata anagula guluu wachinyengo, ndalama zina naika m'thumba mwache. Ena anati wa sitolo ndiye anagulitsa penti wosukuluka. Ndipo ena ananong'ona zina zimene Mkristu sayenera kuzitulutsa pakamwa. Mnyamatayo analeka kudza ku tchalitchi, amai ache nalekanso.

Ife tinasowa chonena, pakuti ku seminale tinaphunzira Chilatini pang'ono, koma za matabwa ai. Tsono tinapita kukaitana mkulu wina wokalamba wa kutsidya, amene anaphunzira umisiri m'nyumba ya matabwa ya pa mishoni ali mnyamata. Iye atafika sanafunse za ndalama kapena za sitolo. Anapempha chikho cha madzi ndi kaudzu kamodzi. Anadonthetsa dontho loyamba pa benchi lakale, pamalo pamene penti anafunduka. Dontholo linaima lozungulira ngati mkanda, monga achita madzi pa nthenga za bakha. Lachiwiri analidonthetsa pa benchi latsopano, nalonso linaima. Pomwepo anatulutsa mpeni, napala kamalo kakang'ono pa benchi lomwelo kufikira mtengo woyera unaoneka, nadonthetsapo lachitatu; ndipo tisanamalize kuwerenga mpaka 30 dontholo linali litayala ndi kulowa.

Anati kwa ife: "Aphunzitsi, guluuyu alibe mlandu, pentiyu alibenso mlandu. Munapatsa thabwa chakumwa lili chitsekere pakamwa."

Tinati: "Bambo, tiuzeni bwino, pakuti kunja kuno kuli mayi amene sagona tulo chifukwa cha mabenchi amenewa."

Zimene anatiuza, pamodzi ndi zimene tinawerenga pambuyo pache, ndizo tilemba pano, chifukwa nyumba iliyonse ili ndi chitseko, mpando kapena tebulo, ndipo ndalama za penti sizitoledwa pansi.

Guluu woyera amene agulitsidwa m'masitolo a pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula si ulimbo wa mtengo umene ana atchera nawo mbalame, ndipo si guluu wa makedzana uja amene amisiri a pa mishoni ankaphika kuchokera ku zikopa ndi ziboda za ng'ombe. Iye ndi timibulu ta pulasitiki, tating'ono kosaoneka ndi maso, toyandama m'madzi. Pulasitikiyo anaitulukira Fritz Klatte wa ku Germany m'chaka cha 1912, ndipo ndiyo ija ilembedwa PVA pa zitini. Penti wosungunula ndi madzi ali chimodzimodzi, koma kuti muli mtundu. Tsono ntchito yache iyenda motere: madzi ayala pa thabwa, nalowa m'timabowo tache, natenga timibulu tija, kenaka madziwo amwedwa ndi mtengo, ena nauluka ndi mphepo, ndipo timibulu titsala tothinana, nitigwirana kukhala khungu limodzi lokhala ndi mizu m'kati mwa thabwa. Mphamvu yonse ili pa mizu imeneyo. Ngati madzi alephera kunyowetsa thabwa, guluu auma ndithu, koma aumira pamwamba, monga nkhoko za mumphika zimene mwana azitokosa ndi chala nizichoka zathunthu.

Chifukwa chache lamulo lalikulu ndi ili: pamene dontho la madzi likana kulowa, guluu ndi penti wa madzi adzakananso. Yesani dontho musanatsegule chitini.

Nanga chitseka pakamwa pa thabwa n'chiyani? Mkulu uja anafunsa mafunso ache limodzi limodzi, ndipo yankho lililonse linatichititsa manyazi ife kuposa mnyamata.

Anayamba ndi kufunsa kuti matabwawo anachekedwa liti. Anali a malaina, ochekedwa mwezi umodzi wokha ntchito isanayambe, chifukwa akuluakulu a mpingo, ife tili pakati pao, tinafulumiza mnyamata kuti mabenchi athe Bambo Mfumu asanafike. Mtengo wauwisi ukhoza kukhala ndi madzi olemera ngati theka la kulemera kwache konse, ndipo malaina ndiye wouma mochedwa koposa mitengo yambiri. Kunja aoneka wouma, m'kati muli chinyontho. Thabwa lokhuta madzi silingamwe madzi a guluu. Ndiponso pouma thabwa lichepa m'mimba mwache, koma m'litali pafupifupi silichepa konse. Kotero lilime la mwendo limene linalowa mothina m'bowo mwache mu Okotobala linapezeka likusewera momwemo mu Febuluwale, guluu atang'ambika. Thabwa la mipando lifunika kutsala ndi madzi osapitirira magawo 12 kapena 15 pa 100. Mulibe makina oyesera? Dulani kachidutswa, mukayese pa sikelo ya pa msika sabata ndi sabata. Pamene kulemera kwache kwaleka kutsika, matabwa anu auma. Muwaumitse pa mthunzi, pansi pa denga kapena pansi pa mtengo wa nimu, osanjikiza ndi timitengo pakati pache kuti mphepo ipite, ndi miyala pamwamba kuti asapindike. Dzuwa la kuno liumitsa khungu msanga, m'kati musanaume, ndipo thabwa ling'aluka.

Anafunsanso kuti matabwawo anapalidwa liti. Anapalidwa onse tsiku limodzi, naimikidwa pa khoma la tchalitchi, pa dzuwa, masabata atatu. Apa ndipo pali chinsinsi chimene ambiri sachidziwa. Nkhope ya thabwa ikalamba. Tsiku limene puleni yadutsapo, timabowo tili totseguka ndipo mtengo uli ndi ludzu. Koma mtengo uliwonse uli ndi mafuta ndi utomoni wache m'kati, ndipo masiku akamapita, makamaka kukatentha, zimenezi zikwera pang'onopang'ono kudza pamwamba; fumbi, utsi wa pamoto ndi thukuta la m'manja ziwonjezerapo. Dzuwa nalo liwononga chimene chimanga ulusi wa mtengo pamodzi, ndicho chifukwa chache thabwa lokhalitsa panja lisanduka lotuwa ngati phulusa. Penti wopakidwa pa kutuwako agwira ulusi wakufa, ndipo ulusiwo pochoka apita nawo. Ku Madison, m'dziko la America, kuli nyumba ya boma yofufuza za matabwa imene inatsegulidwa mu 1910. Akatswiri a kumeneko anapeza kuti thabwa losiyidwa pa dzuwa ndi mvula masabata owerengeka okha lisanapakidwe siligwira penti monga ligwirira latsopano, ndipo alangiza kuti malo olumikiza ndi guluu apalidwe pasanapite maola 24 kuti alumikizidwe. Mkulu wathu sanamvepo za Madison, koma Bulazala amene anamuphunzitsa ankamukaniza kupala lero chimene adzamata mkuja.

Funso lachitatu ndilo linatigwetsa nkhope. Anatenga mwendo umodzi woguluka, naununkhiza, nati: "Anadzoza oyilo ndani?" Tinali ife. Poopa chiswe, tinalamula kuti miyendo yonse iviikidwe mu oyilo wakuda wotsala m'magalimoto isanalumikizidwe, monga achita anthu ndi nsanamira za khola. Mnyamata anakana poyamba, koma mwana angatsutse bwanji akulu a mpingo? Mafuta ndi madzi sizigwirizana, ichi adziwa mayi aliyense wotsuka mbale. Ndipo oyilo alowa kutali m'mtengo, makamaka kumapeto kwa thabwa, kumene timabowo tili ngati mabango omangidwa mtolo. Pamene palowa oyilo, ngakhale mupale chotani, guluu wa madzi sadzagwirapo.

Pa mabenchi akale panali zina: phula la makandulo a Pasaka wa zaka zambiri, polishi amene amayi ankapaka pokonzekera masiku aakulu, mafuta odzola a m'manja ndi m'miyendo ya anthu, ndi pamwamba pa zonsezi matope osalala a Shire amene anauma m'timabowo ngati simenti. Mnyamata anangopukuta ndi nsanza, napaka. Ndipo anapaka masana, mu Okotobala, pamene kutentha kwa m'chigwa muno kupitirira madigiri 40, penti nauma pa burashi asanalowe m'thabwa. Pentiyo anali wa pakhoma, wopangidwira pulasitala, wosungunulidwa ndi madzi a pa mjigo wa pafupi, amene monga mijigo yambiri ya kuno atulutsa madzi amchere.

Tsono tinene kachitidwe koyenera, monga tinakaona ndi maso pamene mkuluyo ndi mnyamata anabwereza ntchito.

Thabwa lakale liyamba ndi kutsukidwa. Phula lipalidwe ndi mpeni kapena chidutswa cha galasi. Kenaka madzi ofunda ndi sopo, burashi yolimba, ndi kutsukuluza kawiri, pakuti sopo wotsala nayenso atseka. Liume pa mthunzi masiku angapo, kapena masabata ngati linamira m'madzi osefukira. Pambuyo pache lipalidwe kufikira mtengo wamoyo uoneke. Pano tichenjeze makolo: penti wa mafuta wa zaka zakale nthawi zambiri anali ndi mtovu, umene uwononga ubongo wa ana. Popala penti wakale nyowetsani poyamba kuti fumbi lisauluke, mangani nsalu pa mphuno, ana ndi amayi apakati akhale kutali, ndipo zopalidwazo zikwiriridwe kutali ndi chitsime ndi nkhuku.

Puleni ikhale yakuthwa. Yobuntha sidula, koma ipsinja ndi kupukuta, thabwa niliwala ngati mpini wa khasu lakale. Kuwalako kukondweretsa maso, koma ndi timabowo tophwanyika ndi totsekeka. Malo olumikiza ndi guluu akoma koposa akachoka kumene ku puleni yakuthwa. Malo opaka penti akwechedwe ndi sandipepa, motsata mitsempha ya thabwa, osati mopingasa. Kuseri kwa sandipepa kuli nambala: yaing'ono ndiyo yokhakhala, yaikulu ndiyo yosalala. Yambani ndi 80, mutsate ndi 120, mumalize ndi 150 kapena 180, ndipo lekerani pomwepo. Wopitirira kufuna kusalala kwa mbale ya dothi atsekanso chimene anatsegula. Fumbi lichotsedwe lonse ndi nsanza yoyera yonyowa pang'ono, yosakhudzapo mafuta.

Kunyowetsaku kuli ndi ntchito yachiwiri. Madzi adzutsa tiulusi timene sandipepa inagoneka, thabwa louma nilimveka ngati chibwano cha munthu wosameta masiku awiri. Ndi bwino tiulusito tidzuke tsopano, muticheke mopepuka ndi sandipepa yosalala, kusiyana ndi kuti tidzuke m'kati mwa penti.

Mitengo siifanana, ndipo mmisiri ayenera kuidziwa monga mbusa adziwa mbuzi zache. Paini wochokera ku Zomba, Dedza ndi Chikangawa amwa msanga, koma mfundo zache zilira utomoni kukatentha. Mfundozo zipukutidwe ndi sipiliti ndi kutsekedwa ndi vanishi wouma msanga penti asanafike. Mlombwa suchepa kwambiri pouma, n'chifukwa chache akulu ankaukonda pa zitseko, koma uli ndi madzi ofiira ngati magazi. Iwo ndi mbawa atulutsa mtundu wao ukakumana ndi penti wa madzi, ndipo chitseko choyera chimera mawanga. Pamenepo pafunika penti woyamba wa matabwa, amene a sitolo amutcha primer. Ndipo kunena zoona, ife tiona ngati kulakwa kubisa mlombwa pansi pa penti. Mtengo wa tsanya, wodziwika kuno kwathu, ndi wolemera kotero kuti umira m'madzi, ndipo timabowo tache n'tothina. Mkungudza wa pa Mulanje, umene mungaupeze m'zitseko ndi m'madenga a nyumba zakale, uli ndi mafuta onunkhira othamangitsa chiswe. Iwiri imeneyi ipalidwe, ipukutidwe ndi sipiliti, ndi kumatidwa ola lomwelo mafuta asanakwerenso. Tinena za matabwa akale okonzedwanso. Mkungudza watsala pang'ono kutha pa phiri paja, ndipo tsanya wa m'Lengwe ngwoletsedwa kudula.

Nthawi yomata ndi yopaka ndi m'mamawa, mame atauma, pa mthunzi. Guluu apakidwe mopyapyala mbali zonse ziwiri, ndipo m'chilimwe mbalizo zikumane mphindi 5 zisanathe. Mukaona kuti pamwamba pachita kakhungu, mwachedwa, pukutani muyambenso. Kumapeto kwa thabwa kumwa guluu yense nikusiya malo ouma. Chotero pakanipo poyamba guluu wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, dikirani mphindi 10 kapena 15, ndipo pakaninso weniweni. Amene alibe zopanira zachitsulo amange ndi malegeni a chubu cha njinga, mothina kufikira timikanda ta guluu tituluke m'mbali monse. Timeneto tipukutidwe tisanaume, pakuti guluu wouma akana vanishi. Ntchitoyo isagwedezedwe tsiku lathunthu. Penti asungunulidwe ndi madzi a mvula kapena ena osamva mchere, monga mwa muyeso wolembedwa pa chitini, ndipo kupaka kawiri mopyapyala kuposa kupaka kamodzi mochindikala.

Chinthu chimodzi tisabise. Guluu woyera wamba afewa akakhalitsa m'madzi. Alipo wolembedwa D3, wopirira chinyontho, ndi D4 wopirira koposa, koma mtengo wao ndi wokwera ndipo sapezeka paliponse. Ife a m'chigwa tinaona madzi mu Januwale 2015, mu Marichi 2019, mu Januwale 2022 ndi mu Marichi 2023, ndipo palibe wa ife anganene kuti sadzabweranso. Chotero mwendo wa benchi usadalire guluu yekha. Lilime lilowe mothina, ndipo pabooledwe mopingasa, pakhomedwe kamtengo kouma. Madzi akasungunula guluu, kamtengoko kadzagwirabe. Za chiswe, mankhwala ache oyamba ndi tsache ndi maso: miyendo iime pa simenti kapena pa mwala, ndipo mabenchi asunthidwe posesa.

Tingaganize kuti zimenezi ndi mavuto a anthu osauka okha, koma ai. M'mafakitale a ku Ulaya, kumene penti wa mafuta alekedwa pang'onopang'ono chifukwa cha mpweya wache woipa, nkhondo ndi yomweyi. Mu 1951 Verner Eisby wa ku Denmark anapeza njira yodutsitsa pulasitiki pansi pa timphezi ta magetsi kuti inki igwirepo. Ndipo m'zaka zapitazi akatswiri a ku Göttingen, ku Germany, ndi ena akhala akuyesa njira yofanana pa matabwa. Timpheziti titentha mafuta a pamwamba penipeni ndi kusintha khungu la mtengo kuti likonde madzi, osapala kanthu. Koma nawonso apeza kuti mphamvuyo icheperachepera masiku akamapita, ndipo thabwa liyenera kupakidwa msanga. Poyesa ngati ntchito yatheka, adonthetsa dontho la madzi, najambula ndi makina kuti aone ngati laima kapena layala; nzeru ya kuyesa kaimidwe ka dontho anailongosola Thomas Young wa ku England mu 1805. Titauza mkulu wathu zimenezi anaseka, nafunsa mtengo wa makinawo, nati kaudzu kache sagulitsa.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, ife ndi akuluakulu a mpingo tinaimirira pamaso pa anthu, tinanena za kufulumiza kwathu ndi za oyilo uja, ndipo madzulo ache tinapita kwa amai a mnyamata ndi nkhuku m'manja. Matabwa a malaina anali atauma tsopano m'mabenchi momwemo, kotero ambiri anagwiranso ntchito. Asanayambe kulumikiza, mkulu uja anauza mnyamata amate tizidutswa tiwiri topalidwa kumene. M'mawa mwache anaitana amene ankanena za guluu wachinyengo, napatsa mmodzi wa iwo nyundo. Anamenya katatu, ndipo chinang'ambika ndi mtengo, m'mbali mwa mzere. Mzere wa guluu unatsala wathunthu, ulusi wa thabwa uli mamatire mbali zonse. Guluuyo anali wa m'chitini chomwe chija.

Ntchito inatha pa 1 Meyi 2024, tsiku la Yosefe Woyera Mmisiri, limene Papa Pius XII analikhazikitsa mu 1955, ndipo mnyamata ndiye anawerenga kalata yoyamba pa Misa. Kuyambira pamenepo penti sanafunduke. Mabenchi atatu okha ndiwo analephereka, chifukwa oyilo anali atakwera kufikira pa thabwa lokhalapo, ndipo ndalama za miyendo yatsopano zinali zitatha. Amenewo anakhomedwa ndi timitengo popanda guluu, nasiyidwa osapaka. Ali kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo akhalapo ndi ife a komiti.